Mwana Wakhoza Giredi 12: Nanga Ndalama za ku Koleji Zichokera Kuti?

Cholinga cha phunziro: Kuti mai aliyense adziwe kumene thandizo la ndalama za maphunziro apamwamba lipezeka muno m'Zambia, mapepala amene afunika, ndiponso mbali yake monga kholo kapena wolera mwana.

Mau oyamba

Azimai anzanga, tsiku limene zotsatira za mayeso a Giredi 12 zituluka pamamveka nthungululu m'makomo ambiri. Koma usiku ana atagona, mai amakhala maso ndi funso limodzi: ndalama za ku yunivesite kapena ku koleji zichokera kuti? Kuyambira mu 2022 boma linachotsa malipiro m'masukulu ake kufikira Giredi 12, ndipo ambiri tinapumako. Koma maphunziro aulerewo athera pomwepo. Kupitirira apo pafunika ndalama za mafizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku.

Thandizo lilipo, ngakhale kuti silikwanira onse olifuna. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ena anzeru amaliphonya chifukwa cha zinthu zazing'ono: pepala limodzi linasowa, dzina linasiyana, kapena tsiku lomaliza linapita iwo osadziwa. Zimenezi kholo lingathe kuzikonza, ngakhale kholo limene silinapite patali ndi sukulu, malinga liyambe msanga. Akulu anati m'mera mpoyamba.

1. Makomo atatu ogogodapo

Khomo loyamba ndi bungwe la boma lotchedwa Higher Education Loans and Scholarships Board, mwachidule HELSB. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, kulowa m'malo mwa Bursaries Committee imene inayamba mu 1973. Ndiye chifukwa chake mpaka lero mumva ana akuti, "Ndili pa BC." Bungweli lipereka nkhongole kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, monga University of Zambia ku Lusaka, Copperbelt ndi Mukuba ku Kitwe, Mulungushi ndi Kwame Nkrumah ku Kabwe, Chalimbana ku Chongwe, ndi Kapasa Makasa ku Chinsali. Nkhongoleyo ithandiza pa mafizi, malo ogona, mabuku ndi chakudya. Ndalama ya chakudya inachotsedwa mu 2019 ndipo inabwezedwanso mu 2023. Bungwe lomweli ndilo limalengeza malo a maphunziro amene maiko monga Russia, China, India, Algeria ndi Morocco apereka kwa ana a m'Zambia.

Khomo lachiwiri ndi thumba la CDF, ndalama za chitukuko zimene boma litumiza ku dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 2022 ndalamazi zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera limodzi, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire achinyamata ovutika amene afuna kuphunzira ntchito zamanja. Fomu yake ipezeka ku khonsolo, ku ofesi ya phungu, kapena kwa a komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, imene timaitcha WDC. Fomuyo ikadzazidwa ibwerera ku WDC komweko, chifukwa iwo ndiwo adziwa mabanja a m'deralo.

Khomo lachitatu ndi basale ya boma ya m'makoleji a luso ndi ntchito zamanja, imene iyendetsedwa ndi unduna wa Technology and Science. Makoleji amenewa ndi monga Chipata Trades, Ukwimi Trades, Evelyn Hone ku Lusaka ndi NORTEC ku Ndola. Mwana akapatsidwa malo, afunse ku ofesi ya koleji yomweyo za kapemphedwe kake. Aonetsetsenso kuti kolejiyo inalembetsedwa ndi bungwe la TEVETA.

Tisiyanitse bwino mau awiri awa. Basale ndi mphatso, sibwezedwa. Nkhongole ya HELSB ibwezedwa, ndipo ili ndi chiongola dzanja.

2. Mapepala ofunika kusonkhanitsa

Chilengezo chilichonse chimatchula mapepala ake, ndipo muyenera kutsata zimene chanena. Koma pali ena amene afunsidwa pafupifupi kulikonse:

Chitupa chobiriwira cha NRC, chimene timachitcha reji. Mwana aloledwa kutenga reji akakwanitsa zaka 16, motero palibe chifukwa chodikirira kuti atsirize sukulu. Reji ya kholo kapena ya womlera ifunikanso.

Zotsatira za Giredi 12 zochokera ku Examinations Council of Zambia. Mayunivesite afuna makirediti osachepera asanu, kutanthauza giredi 6 kapena yoposa apo, ndipo Chingerezi chikhalepo.

Kalata yomuitana ku yunivesite kapena ku koleji.

Setifiketi ya kubadwa, kapena kadi yake ya ku sikelo ngati chilengezo chalola.

Umboni wa mapezedwe a banja. Wa pa ntchito aonetse pepala la malipiro ake a pamwezi. Wopuma pa ntchito aonetse kalata yopumira. Mlimi kapena wa kamalonda angapemphe kalata ku ofesi ya Social Welfare ku Boma.

Ngati kholo linamwalira, setifiketi ya imfa kapena chilolezo cha kuika maliro. Ngati imfayo inachitikira kumudzi ndipo palibe pepala lililonse, yambirani kwa a nyakwawa kuti akulembereni kalata, ndipo mupite nayo ku ofesi yolembetsa za kubadwa ndi imfa.

Ngati mwana ali ndi chilema, umboni wochokera ku chipatala kapena kadi ya anthu olemala.

Mapepala enieni musawapereke kwa munthu. Pangani mafotokope, ndipo mupite nawo pamodzi ndi enieniwo kwa munthu amene ali ndi mphamvu ya lamulo yotsimikizira, monga ku khoti kapena kwa loya, kuti adindepo chidindo. Zonse muziike m'envulopu imodzi, m'kati mwa pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha.

3. Dzina likhale limodzi

Apa ndi pamene mabanja ambiri apunthwa. Taganizani za mtsikana amene analeredwa ndi atsibweni ake. Pomlembetsa Giredi 1, atsibweniwo anapereka chiongo chao. Mayeso onse analemba ndi dzina limenelo. Atakwanitsa zaka 16 anapita kukatenga reji ndi atate ake omubala, ndipo rejiyo inatuluka ndi chiongo cha atate. Kumudzi aliyense adziwa kuti ndi mwana mmodzi yemweyo. Koma kalaliki wa ku Lusaka amene ayang'ana mapepala zikwi zambiri aona anthu awiri osiyana, ndipo pempho likhoza kuikidwa pambali.

Nthawi zina kusiyanako ndi kwa chilembo chimodzi chabe, kapena tsiku lobadwa. Chifukwa chake lero lomwe yalani pamphasa reji, kadi ya ku sikelo ndi mapepala a mayeso a mwana wanu, muwerenge dzina ndi tsiku lobadwa pa pepala lililonse. Ngati maso avuta, wina akuwerengereni mokweza. Nthawi yabwino yokonza cholakwa ndi pamene sukulu ilembetsa ana ku mayeso a Giredi 12, popeza dzina limene lalowa pamenepo ndilo lidzatuluka pa setifiketi. Ngati nthawiyo inapita kale, pafunika kalata yolumbirira, imene aitcha afidaviti, yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Imeneyi ilembedwa pamaso pa munthu wa lamulo, ndipo siyenera kudikira sabata yomaliza.

4. Zinthu ziyenda motsatana

Choyamba mwana apemphe malo ku yunivesite kapena ku koleji. Pempho la malo ndi pempho la ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zipita ku maofesi osiyana. Makolo ena akaona kalata yoitana mwana aganiza kuti boma lavomera kale kulipira. Si tero ai. Kalatayo ingonena kuti malo alipo.

Chachiwiri, dikirani chilengezo cha HELSB. Yunivesite iliyonse imakhala ndi chilengezo chake ndi tsiku lake lotsekera. Chilengezocho chimanena njira yotumizira pempho, ndalama yolipira pa fomu ngati ilipo, ndi akaunti yoikamo ndalamayo. Chimatchulanso zaka zimene wopempha ayenera kukhala atatsiriza Giredi 12. Ichi chitanthauza kuti mwana akakhala pakhomo zaka zingapo poyembekezera kuti zinthu zikhale bwino, khomo limeneli likhoza kumtsekekera.

Chachitatu, tumizani pempho masiku akadalipo. Tsiku lomaliza intaneti imavuta, magetsi amazima, ndipo mzere wa ku banki umatalika. Sungani lisiti ndi kope la zonse zimene mwatumiza.

5. Mbali ya mwana ndi mbali ya kholo

Pempho ndi la mwana, ndipo adzaze yekha. Iye ndiye adzasaina pangano, ndiye adzabweza. Akhale ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lake ndi imelo yake, ndipo asazisinthe kufikira zonse zitatha. Akapita kumalo olipiritsa kompyuta, akhale pomwepo ndi kuwerenga zonse zisanatumizidwe. Asasiye mapepala kwa wothandizayo n'kupita kumsika.

Mbali yathu makolo ndi kupereka mapepala athu popanda kubisa, kupeza ndalama ya ulendo ndi ya mafotokope, ndi kufunsa mwana sabata iliyonse kuti zafika pati. Abambo ena sakonda kuti ana aone pepala la malipiro ao. Mai, lankhulani nao mofatsa nthawi isanakwane, muwafotokozere kuti popanda pepalalo pempho silikwanira. Ngati muli wamasiye, musachite manyazi kupita ku Social Welfare kapena kwa a WDC kukafotokoza za umphawi wanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tisaiwale ana aakazi. Pakhomo pakasowa ndalama, kawirikawiri mtsikana ndiye auzidwa kuti ayambe wadikira. Kudikira kumeneko nthawi zambiri kumathera ku mimba kapena ku ukwati wosakonzekera. Fomu ya mtsikana idzazidwe chaka chomwecho monga ya mlongo wake.

6. Nenani zoona, ndipo chenjerani ndi akuba

Pali ena amene amalangiza mwana kuti alembe kuti atate ake anamwalira pamene ali moyo, kapena kuti abise malipiro a kholo. Musalole zimenezi. Mapepala amafufuzidwa, ndipo bodza likadziwika mwana ataya thandizolo, mwinanso kuimbidwa mlandu. Komanso malo amene atenga mwachinyengo ndi a mwana wamasiye weniweni, mwina wa mnansi wanu.

Nyengo ya mapempho ikafika, akuba nawo amachuluka. Wina aimba foni kapena alemba pa WhatsApp kuti, "Ndili ndi munthu m'kati, tumizani ndalama pa nambala iyi dzina la mwana lituluke." Ameneyo ndi mbala. Ndalama iliyonse yovomerezeka ilipiridwa ku akaunti yolembedwa pa chilengezo, ndipo pamakhala lisiti. Ngati mukayika, funsani aphunzitsi oona za uphungu pa sukulu imene mwana anaphunzira, kapena ku ofesi ya maphunziro ku Boma. Safunsa anadya phula.

7. Nkhongole ibwezedwa

Kwa zaka zambiri ophunzira ankaganiza kuti ndalama za BC ndi zaulere. Koma mu 2018 HELSB inayamba kutolera nkhongole kwa onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Wotsiriza maphunziro apatsidwa chaka chimodzi chopuma, kenaka ayamba kubweza mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi yobwezera ifika zaka 10. Wa pa ntchito amdula pa malipiro ake. Chiongola dzanja chinali 15 pelesenti, ndipo mu January 2024 chinatsitsidwa kufika pa 10 pelesenti pa chaka, ndiko kuti K10 pa K100 iliyonse imene yatsala.

Khalani pansi ndi mwana muwerenge pangano asanasaine. Adziwe kuti ndalama ya chakudya ndi ya mabuku nayonso ili m'nkhongole yomweyo, kotero isathere ku mafoni odula ndi zovala. Ifenso makolo tisamaitanitse ndalama imeneyo kuti tigulire feteleza. Ndipo akadzayamba ntchito, tisamsenzetse katundu wa banja lonse mwezi woyamba, pokumbukira kuti malipiro ake akudulidwa. Zimene iye abweza ndizo zidzaphunzitsa ang'ono ake.

8. Ngati dzina silinatuluke

Opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, motero ena amatsala ngakhale mapepala ao ali bwino. Musamkalipire mwana. Afunse ngati pali mpata wochita apilo ndi tsiku lake lomaliza. Afunsenso ku yunivesite ngati alola kulipira pang'onopang'ono, kapena kumsungira malo kufikira chaka chamawa. Nzeru ina ndi kupempha malo ku koleji ya ntchito zamanja nthawi yomweyo imene apempha ku yunivesite, kuti khomo lina likatsekeka lina likhale lotseguka. Za magetsi, zomanga, zosoka, za ulimi ndi za makina ndi ntchito zodyetsa banja.

Ngakhale amene wapatsidwa nkhongole afunika ndalama yoyambira: ulendo, zofunda, mapoto, ndi chakudya cha masabata oyamba ndalama za boma zisanalowe. Yambani kupatula pang'ono pa chilimba kapena pa banki ya m'mudzi mwana akangolowa Giredi 12. Mukagulitsa nsawawa kapena soya, kagawo kena kakhale ka envulopu ija.

Mafunso okambirana

1. Ndi ana angati a m'mabanja athu amene alemba Giredi 12 chaka chino, ndipo ndi angati mwa iwo ali kale ndi reji?

2. Kodi tidziwa maina a anthu a m'komiti ya WDC ya m'wadi mwathu ndi kumene apezeka?

3. Pakati pathu pali agogo ndi amasiye amene alera ana koma satha kuwerenga. Ndani adzawathandiza kuyang'ana mapepala?

4. Tingamuyankhe bwanji wachibale amene atilangiza kulemba bodza pa fomu?

Chochita

Pa msonkhano wotsatira, mai aliyense amene ali ndi mwana wa Giredi 11 kapena 12 abwere ndi envulopu ya mapepala a mwanayo. Tisankhe azimai awiri odziwa kuwerenga Chingerezi kuti ayang'ane maina ndi masiku obadwa, ndi kulemba zimene zikusowa. Mmodzi wa iwo azimvetsera zilengezo pa wailesi ndi kufunsa ku khonsolo mwezi uliwonse, ndipo azitiuza tonse tsiku lotsekera lisanafike.