Kuphunzitsa Mbiri pa Chipilala cha Malire

Ana amaloweza msanga kuti mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire a dziko lino ndi Mozambique, koma tanthauzo la panganolo silikhazikika m'mitima mwawo. Nchifukwa chake ife amene tikaphunzitse m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, kumene msewu waukulu umatsata malirewo, tiyenera kupita nawo pa chipilala cha malire.

Tisananyamuke, tipemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa nyakwawa ya mudzi umene tikupitako. Tiwachenjezenso ana kuti asalembe kanthu pa chipilalacho, ndipo asadutse malire.

Tikafika, tisafulumire kufotokoza. Ana ajambule chipilalacho, ndipo aone kumene madzi a mvula amalowera, pakuti kuno malire anatsata zitunda zogawa madzi. Kenaka tiwafunse kuti: "Kodi anthu a mbali inayo amalankhula chinenero chanji? Ndani mwa inu ali ndi abale kumeneko?"

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu: pangano limene linasainidwa ku Lisbon linagawa pawiri Achewa ndi Angoni a Maseko, eni dziko osafunsidwa. Tikabwerera m'kalasi, mwana aliyense alembe ndime imodzi yofotokoza mmene malirewo amakhudzira banja la kwawo.