Kuwerengera Mtengo Mwana Asanapite ku Koleji

LACHITATU

Werengani: Luka 14:28-30, Genesis 41:33-36, 2 Mafumu 4:1-7.

Kodi Yesu anati chimamuchitikira n'chiyani munthu woyamba kumanga nsanja asanawerengere mtengo wake? Luka 14:28-30.

Yesu anali kunena za mtengo wa kumutsata Iye, koma fanizoli analitenga m'moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo likukhudzanso nyumba imene mwana wasankhidwa kupita ku koleji. Tsiku lotuluka maina pamamveka nthungululu. Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, mwana yemweyo amaoneka pakhomo pakati pa teremu, atabwezedwa chifukwa cha fizi. Maziko anaikidwa, koma nsanja yaima panjira.

Makolo ambiri amawerengera ndalama zolembedwa pa kalata ya sukulu zokha. Komatu kalatayo sinena zonse. Makoleji ambiri alibe malo ogona okwanira, motero mwana amachita lendi kachipinda kunja kwa sukulu. Ayenera kudya tsiku lililonse, ngakhale mwezi umene kumudzi kuli njala. Mwana wa ku Mzimba wophunzira ku Zomba amalipira basi ulendo uliwonse wotsegulira ndi wotsekera. Pali mabuku, laputopu, intaneti ndi zosindikiza. Ndipo wophunzira unamwino, monga ku Malamulo, afunikanso yunifomu ndi ndalama zodyera pamene watumizidwa kukaphunzira ntchito ku chipatala china. Zonsezi muzichulukitse ndi zaka 4 za digiri. Umenewo ndiwo mtengo wa nsanja.

Kodi Yosefe analangiza Farao kusunga gawo lanji la zokolola, ndipo anayamba liti? Genesis 41:33-36.

Taonani zinthu ziwiri. Yosefe anayamba kusunga m'zaka za zochuluka, njala isanafike. Ndiponso anaika muyeso wokhazikika, gawo limodzi mwa magawo 5, osati zotsala pambuyo pa kudya. Zotsala sizipezeka kawirikawiri. Mwana akalowa Fomu 1, makolo ali ndi zokolola 4 mayeso a MSCE asanalembedwe. Banja lokolola matumba 20, litabweza chakhumi cha Yehova, likhoza kupatula matumba 4 chaka ndi chaka, ndi kuwatcha dzina la mwanayo kuti asakhudzidwe pa ukwati kapena pa Khirisimasi.

Nanga chumacho chisungidwe motani? Mu May 2022 kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kuchoka pa K1,180. Amene anakwirira ndalama m'chitini anapeza mapepala ake ali omwewo, koma zogula zitachepa. Chotero n'kwanzeru kugawa nkhokwe: zina ku banki, zina ku banki m'khonde ya anthu odziwana ndi okhulupirika, zina m'mbuzi zimene zimaswana, zina m'chimanga chotetezedwa kwa anankafumbwe. Chimanga chogulitsidwa mu May, aliyense akukolola, sichifanana mtengo ndi chogulitsidwa mu January. Wosakonzekera amagulitsa pamene fizi yamupanikiza, ndipo amene amapindula ndi vendayo.

Kodi n'chiyani chinatsala pang'ono kuchitikira ana a mkazi wamasiye uja? 2 Mafumu 4:1-7. Yerekezani ndi Miyambo 22:7.

Mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, munthu woopa Mulungu. Komabe anasiya ngongole imene inafuna kumeza ana ake awiri. Kupembedza kwa bambo sikunafafanize ngongoleyo. Katapila amachita chimodzimodzi lero: amalowa m'nyumba ngati mthandizi wa fizi ya mwana mmodzi, n'kutuluka ndi munda umene ukadaphunzitsa ang'ono ake.

Elisa sanayambe ndi kufunsa za achibale olemera. Anafunsa chimene mkaziyo anali nacho m'nyumba, ndipo mafutawo anachuluka molingana ndi zotengera zimene banjalo linasonkhanitsa. Ana aja ndiwo anali kubweretsa zotengerazo. Nayenso mwana wopita ku koleji adziwe kumene kwacha iliyonse ikuchokera, ndipo pa tchuthi agwire khasu, ganyu, kapena ntchito yogulitsa mabuku a mpingo, imene yaphunzitsa achinyamata a Adventist ambiri.

Ngongole ina ili ndi malo ake. Mu 2015 boma la Malawi linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lobwereketsa ophunzira osowa. Koma si onse opempha amene amalandira, ndipo ndalamazo si mphatso. Mkhristu amene waphunzira nazo azibweze, pakuti mwana wa mnzake akuziyembekezera. Ndiponso musanalipire tambala ku koleji iliyonse, funsani ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi National Council for Higher Education.

Funso lokambirana m'kalasi: Mu mpingo wanu muli ana angati a Fomu 3 ndi Fomu 4? Mwa iwo, ndi angati amene alibe makolo owasungira kanthu, ndipo kalasi lanu lingayambe kuwapatulira chiyani pa kukolola kukubweraku?