Galu woyenera kunyanja

Okondedwa Azakhali,

Ine ndi amuna anga takhala m'banja zaka 11, ndipo chaka chathachi ntchito idawasamutsa kuchoka ku Dedza kubwera kuno ku Nkhotakota, kumene tikukhala m'nyumba yopanda mpanda, kufupi ndi nyanja. Akuba atatibera nkhuku ndi njinga tidagwirizana zoweta galu, koma pa za mtundu wake mpamene pabuka mkangano. Abambo mtima wawo uli pa German Shepherd amene wina akugulitsa ku Lilongwe pa mtengo woposa malipiro awo a mwezi wathunthu. Ana akulirira kagalu kophwatalala mphuno kotchedwa Pug, kamene adakaona pa Facebook. Ine ndidapempha kamwana ka galu wachikuda kwa mayi wina wogulitsa usipa, koma abambo adandiseka, nati galu wa kudzala sangagone pakhomo pa munthu wolemekezeka. Papita sabata ziwiri tikungolankhulana mwa apo ndi apo. Kodi ndigonje?

Mayi wothedwa nzeru, Nkhotakota

Mwana wanga,

Ndisanayankhe ngati mugonje kapena ayi, ndiloleni ndiyambe ndalankhulira mmodzi amene pa mlandu wonsewu sadafunsidwe, ndiye galu mwini wake. Pakuti inu mukatenthedwa mudzafunafuna mthunzi wa mango ndi kudzikupiza ndi chitenje, abambo adzavula jekete, ana adzathamangira kumadzi, koma iye chovala chimene adabadwa nacho adzakhala nacho usana ndi usiku kufikira tsiku la imfa yake.

Munthu akatenthedwa thupi lonse lichita thukuta, ndipo kamphepo kakamkhudza atsitsimuka. Koma galu Namalenga sadampatse njira imeneyi, kupatula pang'ono kumapazi, kotero kuti chipulumutso chake chili m'lilime ndi m'mphuno. Atulutsa lilime, napuma wefuwefu, kuti malovu pouma achotse kutentha kwa m'magazi. Ku Dedza kumene mudachokera, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wozizira ndipo ntchito imeneyi siivuta. Koma kwanuko, kumene sikufika ndi mamita 500 omwe, mvula ikayamba mpweya ukhuta chinyezi, ndipo inu nomwe mwaona kuti chitenje choyanika m'mawa chikhoza kufika madzulo chikali chonyowa. Chimene chikaniza chitenje chanu kuuma, chomwecho chikaniza lilime la galu. Thupi lake likakhala bwino kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo kukapitirira 41 moyo wake uli pa chiswe.

Za Pug sindichulutsa mawu. Galu amene mpumulo wake wonse uli m'mphuno, koma mphunoyo idafupikitsidwa ngati adaomba khoma, avutika kupuma ngakhale nyengo yozizira. Chimodzimodzi Bulldog ndi anzake onse otere. Ana auzeni zoona zake, pakuti kulira kwa lero nkwapafupi poyerekeza ndi kulira kwa tsiku lokamkwirira kuseri kwa nyumba.

Koma German Shepherd tisamnamizire. Ndi galu wanzeru, womvera, wokonda mbuye wake, ndipo abambo sadalakwe pomsirira; apolisi a maiko ambiri sakadamdalira pachabe. Komabe mtunduwu udakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1899, kuchokera kwa agalu obusa nkhosa m'dziko lachisanu, ndipo uli ndi ubweya wosanjikizana, wautali pamwamba ndi wina wothithikana pansi ngati bulangete. M'nkhalango ya ubweya wotere nkhupakupa zibisala osaoneka, ndipo pali nthenda ina ya magazi yodza ndi nkhupakupa imene iwawa galu ameneyu koposa mitundu ina. Idapha agalu ambiri otere a asilikali a ku America pa nkhondo ya ku Vietnam, dziko lotentha ndi lachinyezi ngati kwanuko. Kukhala akhoza kukhala, koma pokhapokha pali mthunzi, dibi wosadumphitsa, chakudya chokwanira ndi dokotala wa ziweto pafupi. Mtengo wogulira ndi mvula chabe, matope ali m'mbuyo.

Zaka zapitazo ndidachezera mbale wanga kudera lina la kunyanja, kumene mnansi wake adali ndi galu wamkulu wachizungu, wokongola ndithu, amene alendo onse ankaitanidwa kudzamuona. Ankammanga pa unyolo pafupi ndi kakhola ka malata. Tsiku lina la mu Novembala mthunzi udasuntha, mbale ya madzi idagubuduka, ndipo pofika masana tidampeza atagona chammbali, dovu lili nderu, lilime litada ngati nthudza, miyendo yakumbuyo ikukana kudzuka. Tidamthira madzi a m'chitsime pamimba ndi m'khwapa, koma tidachedwa. Chimene sindiiwala ndi ichi, kuti pansi pa nkhokwe ya pafupi padagona kagalu kachikuda kofiirira, kamene kadadzikumbira kadzenje m'dothi lozizira, kakutiyang'ana ndi diso limodzi.

Galu amene abambo amutcha wa kudzala ndiye mwini dziko. Makolo ake adayenda ndi makolo athu, nasaka nawo, nalonda nawo midzi, ndipo dzuwa, njala ndi nkhupakupa zidamsefa mibadwo yosawerengeka, mpaka adatsala ndi thupi lopepuka, miyendo yaitali, ubweya waufupi ndi mphuno yotalika bwino, zonse zoyenera kutentha. Ku South Africa akatswiri adamlemekeza ndi dzina lakuti Africanis. Amene timaona m'misika, nthiti zili pamtunda ndi zilonda m'makutu, sadanyozeke chifukwa cha mtundu, koma chifukwa palibe amene amdyetsa. Mumpatse nsima yamgaiwa ndi usipa tsiku ndi tsiku, mudzadabwa miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo pa ntchito imene mukumfunira, wakuba nkhuku athawa kuuwa, safunsa kuti wouwayo agogo ake adabadwira kuti.

Tsono pa za banja lanu, ndikuona kuti mkangano suli pa galu ayi. Mwamuna amene aberedwa njinga pakhomo pake, m'dera limene akali mlendo, wavulala pamtima, ndipo afuna chinthu chooneka chimene chidzauza odutsa kuti pano pali mwini. Musagonje, komanso musawagonjetse pamaso pa ana. Dikirani madzulo atadya, muwauze kuti nkhawa yawo mwaimva, ndipo muwapemphe kuti mupite limodzi kwa alangizi a ziweto a m'boma lanu, kuti mawu awa awamve kwa munthu wina. Pali uphungu umene mwamuna aukana m'kamwa mwa mkazi wake naulandira m'kamwa mwa mlendo, ndipo ine ndidaleka kalekale kudabwa nazo. Ngati mtima wawo ukakamirabe galu wamkulu wa dzina, atchulireni Rhodesian Ridgeback, wa mzere wa ubweya wotembenuka pamsana, amene maonekedwe ake adalembedwa ku Bulawayo m'chaka cha 1922, ndipo mwa iye muli magazi a agalu a Akhoikhoi. Ubweya wake ndi waufupi, dzuwa alipirira, ana awakonda akakula nawo; koma adya ngati mlendo wa pa ukwati, ndipo afuna kuyendetsedwa mtunda.

Aliyense amene mungasankhe, akakwanitsa miyezi itatu akabayidwe katemera wa chiwewe, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka, pakuti m'nyumba muli ana. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kagalu kasamagone pa mchenga wodetsedwa ndi mkodzo kapena ndowe, pamene ntchentche ziikira mazira osanduka mphutsi zolowa m'khungu. Kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe, amene nthenda yake ipha agalu, ndipo m'mabango a kunyanja ndi pa mathiriro a mtsinje wa Bua muli ng'ona. Ana akamapita kukasamba, galu azitsala pakhonde.

Ine wanu,
Azakhali