Thandala lofolera pulasitiki: chimera chiume chisanachite chuku

Inu amene mumafulula masese kapena kuphika thobwa ku Tsangano, ku Lizulu ndi m'midzi ina ya kumapiri, nkhungu ya mu Juni ndi Julaye mukuidziwa. Chimera chimatha masiku pamphasa chili ndi chinyontho, nkhuku zikupalasa, mapeto ake n'kuchita chuku. Chuku china chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale phala liwire chotani pamoto.

Chothandiza ndi thandala lofolera pulasitiki, limene mungamange nokha. Zikani mitengo ya mphanda yofika m'chiuno, mulitali mamita 2, mulifupi mita imodzi, n'kuyalapo mphasa ya bango. Pamwamba ikani denga lopendekeka la pulasitiki yoonekera mkati, koma mbali ziwiri musiye mpata woti mphepo izidutsa. Neti ya udzudzu musayalepo ayi, ili ndi mankhwala. Mwazani chimera mopyapyala, ndipo muzichitembenuza katatu pa tsiku.

Mowa wa m'botolo, monga wa fakitale imene Carlsberg inatsegula ku Blantyre mu 1968, umawawa chifukwa cha maluwa a hops ochokera kunja, ndipo ofulula amasankha mtundu: Saaz wa ku Czech Republic sawawa kwambiri, Cascade wa ku America amanunkhira ngati zipatso. Kwathu kuno timasankha chimera, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake pathandala.

Cha mawere, chimene ambiri kuno kwa Angoni amachikonda, chimauma msanga, koma tinjere take timathawira m'mipata ya mphasa. Yambani mwayala chitenje choyera. Cha mapira ofiira chimapatsa mowa mtundu ndi kakhambi pang'ono, pamene cha mapira oyera monga Pilira 1 sichitero. Chikauma, chifikiseni m'manja n'kupeta, chifukwa mphukira za mapira zili ndi poizoni wake. Cha chimanga ndiye chovuta: njere n'zazikulu, zimachedwa kuuma, ndipo chuku chimazikonda. Chipatseni malo akeake, osachiunjika.

A ku Bwanje ndi ku Sharpevale samalani ndi dzuwa. Chimera chachiwisi chikatentha kwambiri chimataya mphamvu yotsekemeretsa phala, choncho masana vundukulani pulasitiki. Musanapite nacho kuchigayo, lumani njere imodzi: ikati gwa! n'kusweka, chauma.