Ana a Nthochi a ku Thekerani

Bambo wina wa ku Manja anali ndi mapata angapo a khazanga, nthochi yophika ija, kuseri kwa nyumba yake. Madzi otsukira mbale ankathiridwa pomwepo. Mkoko ukakhwima, mkazi wake ankaphika ndi nyama monga anaonera kwa anzake a ku Karonga, ndipo phava lina linkadutsa pampanda kupita kwa gogo woyandikana nawo.

Tsiku lina bamboyu anapita kumaliro kwawo ku Thekerani. Potsanzikana, mlamu wake anamuzulira ana a nthochi. "Tengani alamu, mukawonjezere kwanuko, ndalama n'zovuta masiku ano." Anawo anali obiriwira, opanda banga. Vuto n'lakuti matenda a chisaka amabisala: mwana wa paphata lodwala amatha kuoneka wathanzi tsiku lozula.

Atabwerera ku Manja anawabzala. Mvula itatha, masamba atsopano anayamba kutuluka aang'ono, opyapyala, achikasu m'mphepete, ataima chilili n'kuunjikana kunsonga. Bamboyu anathira feteleza, kenako phulusa. Mlangizi atamuuza kuti chisaka chilibe mankhwala, kuti azule phata lonse ndi mizu yomwe n'kuwononga, anakana. Ndani angazule nthochi imene wadya kwa zaka? Anangogwetsa mitengo yodwalayo n'kusiya zitsa. Zitsazo zinaphuka ndi matenda omwewo, ndipo tinsabwe takuda tobisala m'makwinya a masamba tinanyamula kachilombo ka matendawa kupita pa khazanga wake wakale.

Matendawa anaoneka koyamba m'dziko muno ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo ayenda mtunda wautali motere, m'thumba la wachibale wokoma mtima. Thyolo ndi Mulanje, amene ankadzaza malole opita ku Blantyre, anasanduka ogula. Lero nthochi zambiri mumsika wa Limbe zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo mtengo wake umapweteka. Chimandiwawa n'chakuti mbewu yoyezedwa imapezeka, ngakhale ku siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe, pamsewu womwewo wa ku Thyolo umene bamboyu anadutsa ndi thumba lake.

Chaka chotsatira, matenda analumpha mpanda. Gogo uja ankagulitsa nthochi zakupsa pakhomo n'kumagulira adzukulu makope. Anabwera m'mawa, anagwada pakhonde, nafunsa motsitsa mawu: "Mwananga, mbewu ija munaitenga kuti?" Mapata onse a gogoyo anazulidwa sabata lomwelo.