Phunziro 8: Mphunzitsi wa Mpira Monga Mbusa wa Ana

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Miyambo 22:6.

Mfundo Yaikulu: Iye amene aphunzitsa ana masewera wapatsidwa miyoyo kuti aisunge, ndipo Mulungu adzamfunsa za anawo, osati za zikho.

Fodya akatuluka m'zigafa, mabelo napita ku msika wa Chinkhoma, mabwalo a mpira a m'chigwa cha Kasungu amadzuka. Ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama ndi ku Nkhamenya fumbi limakwera madzulo alionse, anyamata ali kuthamangitsa chikulunga, atsikana ali pa ntchemberembaye. Ambiri a iwo ndi ana athu omwe, a m'makalasi a Sukulu ya Sabata ndi a Pathfinder, ndipo kawirikawiri wowaphunzitsayo ndi mbale kapena mlongo wa mumpingo. Sabata ino tifunsa: kodi chikhulupiriro chathu chimathera pa khomo la tchalitchi, kapena chimafika ndi pa bwalo pomwe?

SANDE: Mpikisano wa ku Korinto

Werengani 1 Akorinto 9:24-27. Kodi Paulo akusiyanitsa mphotho ziwiri ziti?

Paulo anakhala ku Korinto chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi (Machitidwe 18:11). Pafupi ndi mudziwo, pa Isthmia, pankachitika mipikisano yaikulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba imene sinali kuchedwa kufota. Mtumwiyo sananyoze othamangawo. Anayamikira kudziletsa kwao, koma analoza ku mphotho yosatha. Momwemonso Ellen G. White, m'buku lake la Education la mu 1903, anasiyanitsa masewera otsitsimutsa thupi ndi maganizo ndi aja ongodzutsa ukali ndi kunyada. Mpira paokha suli tchimo, ndiponso sungaumbe khalidwe paokha. Umatenga mzimu wa iye amene akuutsogolera.

Kodi ana amene tiwaphunzitsa amachoka pa bwalo ali odziletsa koposa m'mene anafikira?

LOLEMBA: Zaka za Mwana

Werengani Miyambo 12:22 ndi Luka 16:10.

Tiyerekeze kuti kwalengezedwa chikho cha ana osapitirira zaka 14. M'timu yathu muli mnyamata wa zaka 17, wamfupi msinkhu, wodziwa kumwetsa zigoli. Anzathu atinong'oneza kuti matimu onse amatero, tingosintha chaka pa pepala. Vuto limeneli si la kumudzi kokha: mu 2009 bungwe la FIFA linayamba kujambula mafupa a padzanja a osewera ndi makina a MRI pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17, pofuna kugwira onama zaka.

Koma taonani chimene bodzalo lichita. Lilanda malo a mwana woyenera amene watsala kunja kwa mzere. Liphunzitsa ana khumi ndi mmodzi kuti mkulu wa mpingo amanama pakakhala phindu. Makolo anati m'mera mpoyamba. Mwana amene tamzoloweretsa kunama zaka lero, tidzamletsa bwanji mawa kubisa masamba oola pakati pa belo?

LACHIWIRI: Pemphero Si Chithumwa

Werengani Deuteronomo 18:9-14 ndi Mateyu 6:9, 10.

Tonse tidamvapo za matimu okana kulowera pa chipata, okwirira mankhwala pa golo, kapena opita kwa sing'anga usiku wa masewera. Mkhristu amadziwa kuti izi Mulungu adaletsa. Komatu pali msampha wina wobisika: kusandutsa pemphero kukhala chithumwa chathu. Tikagwada pakati pa bwalo ndi kupempha kuti anzathuwo agonje, tasiyana pati ndi wonyamula nsupa? Ana a timu inayo alinso a Khristu, ndipo anawafera.

Pemphero la mphunzitsi Wachikhristu lipemphe kuti pasavulale munthu, kuti woyimbira aweruze molungama, ndi kuti mitima ikhale yofatsa pogonja ndi popambana pomwe. Ana akatiwona tikuthokoza Mulungu titagonja ndi zigoli zitatu, adzaphunzira za pemphero zimene ulaliki wautali sukadawaphunzitsa.

LACHITATU: Ndime Yotsiriza Ikagwa pa Sabata

Werengani Eksodo 20:8-11 ndi Yesaya 58:13, 14.

Masewera ambiri m'dziko muno amaikidwa Loweruka, tsiku limene ife tilidziwa kuti ndi Sabata la Yehova. Apa ndi pamene mphunzitsi ayesedwa koposa. Carlos Roa, goloboyi wa Argentina amene anagwira mapenate a Paul Ince ndi David Batty a England pa chikho cha dziko lonse mu 1998, anali wa mpingo wathu. Mu 1999, mbiri yake ili pamwamba ku timu ya Mallorca, anasiya mpira chifukwa cha chikhulupiriro, ngakhale anabwereranso patapita chaka. Nkhani yake itionetsa kuti nkhondoyi ndi yeniyeni, ndipo siitha tsiku limodzi.

Nzeru yake ndi kulankhula msanga. Tisanalembetse timu, tiuze okonza mpikisano, makolo ndi ana omwe kuti kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kufikira kulowa kwa dzuwa pa Sabata sitisewera, ndipo tipemphe mwaulemu tsiku lina. Akakana, chikho chipite. Koma tisasiye anawo ndi misozi yokha. Tikhale nao pansi ndi kuwafotokozera chifukwa chake mwachikondi.

LACHINAYI: Mwana Amene Sanabwere

Werengani 1 Akorinto 6:19, 20 ndi Luka 15:4-6.

Mbusa amawerenga nkhosa zake. Kuno kwathu mwana akasowa pa bwalo ndi kusukulu m'miyezi ya dzinja, nthawi zambiri ali kuthyola kapena kusoka fodya. Masamba onyowa amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, mwana namva chizungulire, mutu ndi nseru, ngakhale sanasutepo. Mphunzitsi amene aona mwana wofooka chotero asamkalipire ngati waulesi. Akacheze ndi makolo ake modzichepetsa, podziwa umphawi umene uwakakamiza.

Eric Liddell, amene anapambana liwiro la mamita 400 pa Olimpiki ya ku Paris mu 1924, anatha masiku ake m'ndende ya Ajapani ku Weihsien, ku China, kumene anamwalira mu 1945. M'menemo ankaphunzitsa ana ndi kuwakonzera masewera. Opulumuka anamkumbukira chifukwa cha chifundo chimenecho koposa mendulo yake.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Kodi tingamthandize bwanji mwana waluso amene timu yaikulu yamuitana, koma masewera ake ali pa Sabata?

2. Osapembedza nafe akalowa m'timu ya mpingo, tingawaonetse bwanji Khristu popanda kuwaumiriza?

3. Ndani mumpingo mwathu amene amaphunzitsa ana masewera? Kodi tidampemphererapo pomtchula dzina?

Mwachidule: Chikho chimachita dzimbiri pa shelefu, koma khalidwe limene taumba mwa mwana lidzaima pamaso pa Mulungu. Tiyeni tilowe pa bwalo monga abusa.