Matsenga a Manja ndi Kaphunziridwe Kace

Pali anthu ena amene nchito yao ndi kukondweretsa anzao ndi matsenga a manja. Munthu wotere atenga ndalama, naifumbata, ndipo pakufumbatula dzanja ndalamayo palibe. Oonerera ena acita mantha, nayesa kuti ndi mankhwala kapena ufiti. Koma si tero ai. Ndi luso la zala cabe, limene mwana aliyense angathe kuphunzira popanda kulipira kanthu.

Kalekale ku England nkhalamba zosauka zinali kunenezedwa ufiti, ndipo zina zinaphedwa. Munthu wina, dzina lace Reginald Scot, anamva cisoni ndi zimenezi. Motero mu 1584 anatulutsa buku lochedwa The Discoverie of Witchcraft. M'menemo anaulula m'mene anthu ocenjera abisira ndalama ndi timipira m'manja mwao, kuti onse adziwe kuti zodabwitsa zambiri zicitika ndi macenjera a anthu.

Akatswiri ambiri anayamba ndi buku. Robert-Houdin wa ku France, amene anabadwa mu 1805, anali kuphunzira kukonza mawochi. Iye mwini anasimba kuti tsiku lina wogulitsa mabuku anasokoneza, nampatsa mabuku a matsenga m'malo mwa a mawochi. Mnyamatayo anawawerenga, nayeseza kufikira anakhala katswiri. Pambuyo pace mnyamata wina wosauka wa ku America, Erik Weisz, amene anabadwira ku Budapest mu 1874, anawerenga mbiri ya Robert-Houdin. Anaikonda kwambiri kotero kuti anadzicha Houdini, dzina limene linamveka pa dziko lonse.

Lero wofuna kuyamba ali ndi njira zitatu zaulere. Yoyamba ndiyo nyumba ya mabuku ya pasukulu kapena ya m'tauni, kumene munthu awerenga buku osaligula. Yaciwiri ndiyo intaneti. Mabuku akale, monga Modern Magic limene Professor Hoffmann anatulutsa mu 1876, apezeka kwaulere pa Project Gutenberg ndi pa Internet Archive. Mabukuwa ndi a Cingelezi, cotero mphunzitsi angathandize pa mau obvuta. Yacitatu ndiyo kuyang'anitsitsa munthu wodziwa kale ndi kumfunsa mwaulemu. Zipangizo nazo sizifuna ndalama: mwala waung'ono, njere ya nyemba, cingwe ndi mpango zikwanira.

Nali sewero limodzi loyambira. Wosewera atembenuza dzanja lamanzere, cikhatho ciyang'ane kumwamba, nagwira ndalama yacitsulo pakati pa cala cacikulu ndi nsonga za zala zinazo. Kenaka abweretsa dzanja lamanja ngati afuna kuitenga. Pamene zala za dzanja lamanja zaphimba ndalamayo, iye aleka kuipana, ndipo igwera m'zala za dzanja lamanzere mosaoneka. Tsono afumbata dzanja lamanja lopanda kanthu, nalikweza, maso ace ali pomwepo. Dzanja lamanzere alitsitsa pang'onopang'ono. Potsiriza auzira mpweya pa dzanja lamanja, nalifumbatula: mulibe kanthu!

Cinsinsi cagona pa maso. Anthu ayang'ana kumene wosewera ayang'ana, ndipo atsata dzanja limene liyenda. Cifukwa cace wophunzira ayenera kuyeseza pa kalilole masiku ambiri, kufikira kutenga konama kufanana ndi kutenga kwenikweni. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndiponso asacite sewero limodzi kawiri pamaso pa anthu omwewo, pakuti ulendo waciwiri adziwa kale poyang'ana.

Luso limeneli lili ndi lamulo lace. Wosewera wabwino anena poyera kuti ndi masewera, ndipo saopseza anzace kuti ali ndi mankhwala. Pali akathyali amene agwiritsa nchito macenjera omwewa, nanamiza anthu kuti angathe kuculukitsa ndalama zao. Wowakhulupirira ataya cuma cace. Koma mwana amene adziwa m'mene ndalama ibisikira m'zala sanyengedwa msanga, ndipo angacenjeze makolo ace.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Reginald Scot analemba buku lace?
2. Kodi Houdini anatenga kuti dzina lace?
3. Chulani njira zitatu zophunzirira matsenga a manja kwaulere.
4. Nanga wosewera wabwino asiyana bwanji ndi kathyali?